Mkamwini Amene Anakoka Sola Pangolo

Panali munthu wina, dzina lake Lufeyo, amene anagulitsa ng'ombe zake ziwiri kuti chiuno chake chipume.

Lufeyo anali mkamwini. Anakwatira m'mudzi wina wa m'chigwa ndipo anakhalamo zaka makumi awiri, koma zaka sizisandutsa mkamwini kukhala mwini nthaka. Dimba limene ankalima linali la mbumba ya mkazi wake, Nachisale. Woyang'anira malo a mbumbayo anali mlongo wake wa Nachisale, munthu wosachulutsa mawu, amene Lufeyo ankangomutchula kuti alamu. Alamuwo sanali oipa mtima ayi. Kungoti mbumba inali itakula, ofuna madimba anali ambiri, pomwe mtsinje unali umodzi womwewo.

Dimbalo linali pamtunda. Kale madzi ankatungika pafupi, koma kusefukira kwa zaka zingapo kunakumba mtsinje mpaka unalowa pansi. Wothirira ankatsika phompho ndi makheni awiri opanda kanthu, n'kukwera nawo odzaza. Lufeyo anatsika ndi kukwera, kutsika ndi kukwera, mpaka chiuno chinayamba kukana. Chaka china anathirira theka la dimba. Chaka chotsatira anathirira mabedi asanu okha, kwinako kunangokhala fumbi.

Tsiku lina alamu anafika, naima m'fumbimo, nati, "Alamu, dimba silisungidwa m'sutikesi ngati jekete la kutchalitchi. Chaka chino mukalephera kulithirira lonse, ndilipereka kwa mwana wa achemwali aakulu. Musadzati sindinanene."

Lufeyo anati wamva. Nanga mkamwini n'kuyankha chiyani china?

Masiku omwewo wailesi inkalengeza m'mawa ndi madzulo kuti boma lachotsa msonkho pa zipangizo zoyendera dzuwa. Ndipo sikunali kungolankhula, mitengo inatsikadi. Tinene zoona, lamulo limenelo linali labwino. Pampu ya sola, imene kale inali ya maesiteti ndi mabungwe, inafika poti munthu wa ng'ombe ziwiri atha kuiloza ndi chala m'sitolo osachita manyazi. Tsiku la msika kunabwera bambo wina wa tayi yofiira wochokera ku ofesi yoona za mphamvu. Anaima pamwamba pa galimoto n'kufuula kuti dzuwa ndi laulere, silitha ngati petulo, ndipo boma likufuna mlimi aliyense azithirira nalo.

Lufeyo anamva mawu amenewo ngati akunena iye yekha. Sabata isanathe ng'ombe zinapita. Ngolo inatsala pabwalo yopanda oikoka, ndipo nkhuku zinayamba kuikiramo mazira.

Mmisiri anabwera kudimba. Anakumba mayenje anayi, anazika mizati yachitsulo, anathira simenti, ndipo pamwamba anayalapo magalasi anayi akuda a sola, opendekera kudzuwa. Anaponya pampu m'madzi n'kukweza paipi phompho lonse lija. Dzuwa litakwera, paipi inatsokomola kawiri, kenako madzi anatuluka. Popanda phokoso, popanda utsi, popanda munthu wotsika phompho. Lufeyo anakhala pansi m'matope n'kuyamba kuseka, anaseka mpaka Nachisale anamufunsa ngati ali bwino.

Anawokera anyezi dimba lonse, kuyambira kunjira mpaka pamtengo wa msangu umene unali malire. Anansi ankabwera kudzaonerera. Amuna asanu ndi awiri a madimba oyandikana anagwira paipi, anasuzumira kunsi kwa magalasi, nati, "Tione kaye chaka chino. Zikakuyenderani, nafenso tigula."

Sabata yachitatu kunafika mayi wina pa njinga yamoto, wochokera ku ofesi yoona za madzi. Anali waulemu. Anapereka moni, anafunsa za kunyumba, anayamikira anyezi. Kenako anagogoda mzati umodzi ndi chala, anaponda simenti ndi nsapato, n'kutulutsa buku lakuda ndi thukuta la manja.

"Bambo, chilolezo muli nacho?"

"Cha chiyani, mayi? Dzuwa anati ndi laulere."

"Dzuwa ndi laulere. Koma ichi ndi chinthu chokhazikika m'mbali mwa mtsinje. Chokhazikika chilichonse chotunga madzi chimafuna chilolezo."

Akulankhula choncho, kumtunda kwa mtsinje injini ya petulo ya wamalonda wina inali kulira, ikumeza madzi ndi paipi yonenepa ngati ntchafu. Lufeyo anailoza.

"Nanga ija?"

"Ija ndi yoyenda. Imabwera m'mawa, imabwerera madzulo. Lamulo limaiwerengera pamodzi ndi kheni."

"Pamodzi ndi kheni?"

"Ee, bambo."

Lufeyo anayang'ana kapaipi kake konga dzanja la mwana, anayang'ana chipaipi cha wamalonda uja, anayang'ananso mayiyo kuti mwina aseka. Sanaseke. Anamanga waya wa chidindo pa bokosi loyatsira pampu, anapepesa, n'kukwera njinga yake.

Musafulumire kumutukwana mayiyo, ndipo musafulumire kutukwana lamulolo. Linalembedwa kalekale, nthawi imene omanga zinthu zokhazikika pamtsinje anali eni maesiteti okha, otseka madzi ndi madamu mpaka osauka a kumunsi n'kumakumba mchenga. Lamulolo linabwera kudzateteza anthu onga Lufeyo. Kungoti amene analilemba anamwalira asanaone galasi la sola, ndipo amene anachotsa msonkho sanalitsegule n'komwe.

M'mawa mwake Lufeyo anapalasa njinga kupita ku boma. Anayambira kwa bambo wa tayi yofiira, amene anaimirira n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

"Mwachita bwino zedi, achikulire! Alimi otere ndi amene tikuwafuna."

"Koma anditsekera, bwana."

"Aa, zimenezo ndi za madzi. Si zathu. Khomo lachitatu kumanja."

Ku khomo lachitatu anamupatsa fomu. Mzere woyamba unkafuna dzina la mwini malo, ndipo mzerewo unali umodzi, wokwana dzina limodzi. Lufeyo anabwerera nayo kwa alamu. Alamu anaigwira chapatali ngati ili ndi minga.

"Ndikalembapo dzina langa, mbumba idzati ndadzilembera malo a tonse. Mukalembapo lanu, ndiye kaya maliro anga adzabwera ndani. Ndipotu alamu, simenti ija anthu akuinena kale. Akuti mkamwini sabzala ngakhale mango, uyu wabzala chitsulo."

Anabwereranso ku boma kukafunsa ngati Nachisale angalembepo. Anamufunsa ngati Nachisale ali ndi pepala losonyeza kuti malowo ndi ake. Analibe. Pepalalo amapereka ndi ofesi ina, ya malo, ndipo ofesiyo inkafuna kuti mbumba yonse isaine, kuphatikizapo amene ali ku Joni ndi amene salankhulana chichokereni maliro a chaka chatha.

Apa mutu wa Lufeyo unaima. Panjira yobwerera ankapalasa akudzifunsa yekha ngati wamisala. Kodi boma ndi limodzi kapena alipo awiri? Amene anati gula ndi amene akuti usayatse, si onse a mbendera imodzi? Makomo awo anali pakhonde limodzi. Anawerenga yekha, kuchoka pa lina kufika pa linzake anali mapazi khumi ndi awiri. Anawaona ndi maso ake akumwa tiyi wa m'ketulo imodzi, akuseka. Ndiye pamene amamwa tiyiyo amakambirana chiyani? Akuti mapanga awiri avumbwitsa, koma iye sanasankhe mapanga awiri. Anathawira m'phanga limodzi, n'kupeza kuti mkati mwake mukugwa mvula.

Ndipo kodi analakwa pati? Ankafunafuna polakwa pake kuti mwina apepese, koma sankapapeza. Zimenezi ndiye zinkamupweteka kuposa chiuno.

Anyezi sadziwa za mafomu. Masamba anayamba kugona, nsonga zikuchita chikasu. Lufeyo ndi Nachisale anabwerera ku makheni, kutsika phompho ndi kukwera, akudutsa pansi pa magalasi anayi amene ankangowala padzuwa osagwira ntchito. Makheni awiri sakanatha dimba lonse. Alamu ankadutsa panjira osanena kanthu, ndipo kusanenako Lufeyo ankakumva bwinobwino.

Ulendo wachitatu anapita kwa mayi wa za madzi yekha. Sanadandaule. Anangopempha kuti amuwerengere lamulolo pang'onopang'ono, monga amawerengera kalata kwa munthu wosapita kusukulu. Mayiyo anawerenga: chotunga madzi chilichonse chimene chimafika pamtsinje ndi kuchokapo tsiku lomwelo, osagonapo, sichifuna chilolezo.

Lufeyo anabwereza mawuwo chamumtima. Kenako anafunsa, "Nanga chikakhala pangolo?"

Mayiyo anatsegula tsamba lakutsogolo, anabwerera lakumbuyo, anayang'ana kudenga.

"Ngolo imayenda," anatero.

"Ndiye palibe mlandu?"

"Bola isagone kumtsinje."

"Madzi ake omwewo, mayi? Pampu yomweyo?"

"Bambo, ine sindinalembe bukuli. Ndimangolinyamula."

Tsiku lotsatira Lufeyo anatenga piki n'kupita kudimba. Anaswa simenti ija, dzenje ndi dzenje, n'kugwetsa mizati yonse inayi. Nachisale anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Bambo a Esinta, mutu ukuyenda bwino? Ng'ombe ziwiri zili pamenepa!"

"Boma lati sola izigona kunyumba," anayankha Lufeyo, osasiya kukumba.

Anathamangitsa nkhuku m'ngolo, anayalamo udzu, anagoneka magalasi aja n'kuwamanga ndi malegeni. Mayi wa za madzi anabwera kudzadula waya wake wa chidindo, ndipo anachita kuyang'ana kumbali pochoka. Tsopano sola inali yoyenda. Lamulo linakhutira.

Chinatsala n'choikoka. Masiku awiri anabwereka ng'ombe za mnansi. Tsiku lachitatu mnansiyo anati ng'ombe zatopa, lachinayi anati zikukatuta njerwa. Lachisanu Lufeyo anapinda thumba n'kuliika paphewa, analowa pamene pankaima ng'ombe, nagwira mtengo wakutsogolo wa ngolo. Nachisale ankakankha kumbuyo. Kuchoka kunyumba kufika kudimba unali mtunda woti munthu wopanda katundu atha kuimba nyimbo zitatu, ndipo pakati panali chigwembe cha miyala. M'mawa ankatsika nayo, madzulo ankakwera nayo. Tsiku ndi tsiku, kupatula Lamulungu.

Madzi anabwereranso. Anyezi anadzuka. Dimba linabiriwira kuyambira kunjira mpaka pamsangu, ndipo alamu anadutsa tsiku lina n'kugwedeza mutu movomereza. Koma Lufeyo ankafika kunyumba osatha ngakhale kuwerama kuti asambe m'mapazi. Nthawi zina ali pakati pa chigwembe, thukuta likulowa m'maso, ankaiwala chimene anagulitsira ng'ombe. Akakumbukira ankafuna kuseka, koma mpweya unali wosakwana.

Mbiri inafika ku boma. Bambo wa tayi yofiira anabwera ndi galimoto ziwiri za alendo ochokera kunja. Anazungulira ngolo, anaomba m'manja, anati ili ndi luso la kumudzi, nzeru zoti dziko lonse litengerepo. Mlendo wina anafunsa kuti ganizo lokongolali linabwera bwanji.

"Ndinalibe chilolezo, bwana," anatero Lufeyo. "Mizati inali bwino kuposa izi."

Womasulira anauza alendowo kuti bamboyu ndi wodzichepetsa kwambiri. Anaombanso m'manja. Kenako anamupempha kuti alowe pamalo pake paja akoke pang'ono, amwetulire, kuti ajambule. Lufeyo anakoka, anamwetulira. Alendo atachoka, Lufeyo anakhala pamphepete pa ngolo osadziwa ngati amuyamikira kapena amuseka, ndipo mwina nawonso sankadziwa.

Amuna asanu ndi awiri aja ankaona zonsezi. Iwo sankawerenga mabuku a malamulo. Ankangoona munthu wa imvi ali pagoli m'mawa ndi madzulo. Pabawo wina anati, "Sola n'njabwino, koma imafuna ugulitse ng'ombe kenako ulowe m'malo mwake." Anaseka onse. Mwezi usanathe, atatu mwa iwo anali atagula injini za petulo, zoti munthu amangomanga pakaliyala wa njinga. Enawo anati adikira akolole.

M'mwezi wa Seputembala, anyezi atayamba kuika mitu, nthawi imene amafuna madzi koposa, tsiku latsoka linafika. Sikunagwe mvula, sikunawombe mphepo. Unali m'mawa wamba. Akutsika chigwembe chiuno chinangoti thyo, miyendo inamasuka, Lufeyo anagwada. Ngolo inamupitirira, gudumu linakwera mwala, ndipo zonse zinagudubukira cham'mbali. Nachisale anakuwa. Lufeyo ali chigonere m'fumbi anamva kulira kwa galasi, ndipo asanadandaule za chiuno chake anafunsa kuti, "Angati?"

Anasweka awiri.

Mmisiri analumikiza awiri otsalawo, koma madzi ankangotuluka ngati a m'tiyipoti, okwana mabedi a kufupi ndi mtsinje basi. Ng'ombe ina yoti agulitse panalibe. Lufeyo anagona pamphasa masabata atatu. Nachisale anayesa yekha ndi makheni mpaka mapewa anatupa, koma dzuwa la Okutobala silimvera munthu chisoni. Dzuwa lomwelo limene linkakweza madzi ndi limene linapsereza dimba.

Alamu anabwera kumapeto kwa mweziwo. Lufeyo anawatsatira ndi ndodo. Anayenda kuyambira kumtsinje, kumene kunali kobiriwira, mpaka pamsangu, pamene masamba ankathetheka kumapazi. Alamu anazula anyezi mmodzi, kamutu kake konga chala chachikulu, anamuyang'ana, n'kumuika pansi mosamala ngati angamve kupweteka.

"Alamu, ndinanena."

"Munanena," anatero Lufeyo.

Panalibe kukangana. Dimba linapita kwa mwana wa achemwali aakulu, amene anabwera ndi injini yake ya petulo. Palibe anamufunsa chilolezo.

M'Januwale, mvula ili pakati, njinga yamoto inaima pakhomo pa Lufeyo. Anali mayi wa za madzi uja, matope mpaka m'mawondo, nkhope ili ngwee. Nkhani ya Lufeyo inali itamusowetsa mtendere, moti analembera akuluakulu ake katatu, mpaka tsiku lina a za madzi ndi a za mphamvu anakhala patebulo limodzi mabuku awo ali otsegula. Ntchito yake inatenga masana amodzi okha. Mayiyo anabweretsa yekha pepala la lamulo latsopano kuti Lufeyo akhale woyamba kumva.

Anamulowetsa m'nyumba, anamupatsa mpando. Mayiyo anawerenga: kuyambira tsopano pampu yaing'ono ya sola sifunanso chilolezo, ndipo mlimi atha kuizika pamizati m'dimba limene akulima, kaya malowo ndi a ndani.

Lufeyo anapempha kuti awerengenso. Anawerenganso.

"Ndiye kuti mizati ija inali bwinobwino?"

"Lero ikanakhala bwinobwino."

"Nanga nthawi ija?"

"Nthawi ija inali yolakwa."

"Mizati yomweyo?"

"Yomweyo, bambo."

Lufeyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa njira m'chinenero chachilendo. Analandira pepalalo ndi manja awiri, nathokoza, pakuti anali munthu woleredwa bwino. Kukhoma kumbuyo kwake kunali kalendala ya chaka chatsopano imene a ofesi ya za mphamvu anamutumizira. Pakalendalapo panali chithunzi chake, ali pagoli, akumwetulira, ndipo pansi pake panalembedwa kuti sola imapumitsa mlimi.

"Ndiye muzikanso liti?" anafunsa mayiyo mosangalala. "Ndikufuna ndidzaone madzi akukwera."

Lufeyo anayang'ana pepala, anayang'ana Nachisale amene anali ataima pakhomo. Kutali kumtsinje kunali zii, injini zonse zili m'nyumba kudikira chilimwe.

"Ndizike pati, mayi?"

Inu amene mwasankhidwa kumene kuti muzikhala m'makomiti ndi kulemba malamulo a dera lino, fanizoli ndi lanu. M'nkhaniyi simunapezeke wakuba, simunapezeke wa ziphuphu. Aliyense anagwira ntchito yake, ndipo munthu anataya dimba. Lamulo limodzi linamuika sola m'manja, lina linamuika pagoli, ndipo chigwa chonse chinaphunzira pa goli, osati pa wailesi. Choncho musanaombe m'manja kuti mwatsegula khomo, yendani mapazi khumi ndi awiri aja mukaone ngati mnzanu sanatseke lake. Musanasindikize fomu, funsani ngati mkamwini angathe kuilemba. Ndipo mukaona kuti lamulo lakalamba, musadikire Januwale. Pepala limatha kudikira m'kabati chaka chathunthu osafota, koma anyezi ayi.